KAMERA YA KALILOLE: KASANKHIDWE KAKE NDI MATENDA AKE

Lero tikamba makamaka ndi inu a m'boma la Rufunsa, inu amene sukulu zanu zili m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East Road, ndiponso inu a kutali ndi msewu, kwa Bunda Bunda, kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta. Nkhani yathu ndi ya makina ojambulira zithunzi, kapena okopera monga tinenera kuno kwathu. Mtundu umene tikambe, pa Chingerezi autchula ndi malemba anayi akuti DSLR. Ife tiutcha kamera ya kalilole, ndipo chifukwa chake muchimva posachedwa. Kapena mudaonapo mlendo ataima pa akasupe a madzi otentha ku Chinyunyu, pakhosi pake pakulendewera kamera yakuda ya mphuno yaitali ngati botolo. Ndiyo imeneyo.

Sukulu zina zimalandira kamera yotere ngati mphatso, zina zimagula ndi ndalama zimene makolo asonkha movutikira. Tsono n'chachisoni kuiona itatsekeredwa m'kabati ya aphunzitsi aakulu, anthu akuti idafa, pamene vuto lake mwana wa giredi 6 akadalichotsa ndi chala chimodzi. Kuti tidziwe kusankha ndi kuchiza, tiyambe taona za m'kati mwake.

Aphunzitsi, pezani katoni yaing'ono. Mbali imodzi boolani kabowo ndi singano, mbali ya kutsidya dulani zenera ndi kumatapo pepala lopaka mafuta pang'ono. Mwana afunde bulangete kumutu pamodzi ndi katoniyo, kabowo kokha kakhale kunja, kataloza mtengo umene uli padzuwa. Pa pepala paja adzaona mtengowo, koma wozondoka, mizu kumwamba, nthambi pansi. Zitero chifukwa kuwala kumayenda molunjika: kochokera kunsonga kwa mtengo kumalowa pa bowo n'kukagwa m'munsi, kochokera kutsinde kumakagwa pamwamba. Munthu wanzeru wotchedwa Ibn al-Haytham adalongosola zimenezi ali ku Cairo, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Kamera iliyonse ndi katoni yomweyi. Kusiyana n'kwakuti m'malo mwa bowo la singano adaikamo magalasi osonkhanitsa kuwala kochuluka, ndipo magalasi amenewa, okhala mu chitini chawo chobulungira, ndiwo atchedwa lenzi. Lenzi ndiyo diso la kamera.

Kumbuyo kwa lenzi kuli kalilole wamng'ono wokhala chopendeka. Kuwala kukalowa, kalilole amakuponya kumwamba, kumene magalasi ena amatembenuza chithunzi kuti chiimirire bwino, kenaka chifika pa kazenera kamene wojambula amaikapo diso lake. Motero chimene inu muona ndi chomwecho chimene lenzi iona. Mukadina batani, kalilole amanyamuka, katseko kakang'ono ka kumbuyo kwake kamatseguka, kuwala kumagwa pa kachipangizo kafulati kotchedwa sensa, katseko kamatseka, kalilole n'kubwerera pamalo pake. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso. Phokoso lija lakuti khwatha! ndilo la kalilole ndi katseko, ndipo mdima umene mumaona pa kazenera nthawi yomweyo usakuopseni: kalilole wangochoka panjira.

Kale pamalo pa sensa pankakhala filimu, imene inkatsukidwa ndi mankhwala m'chipinda cha mdima. M'chaka cha 1975 Steven Sasson, wa ku kampani ya Kodak ku America, adapanga kamera yoyamba yosunga chithunzi m'manambala. Inkalemera makilogalamu oposa 3, ndipo kusunga chithunzi chimodzi chopanda mitundu kunkatenga masekondi 23. Mu 1991 a Kodak adayamba kugulitsa kamera ya kalilole yokhala ndi sensa, mu 1999 kudabwera Nikon D1, ndipo mu 2003 Canon EOS 300D idatsitsa mtengo kufikira anthu wamba adayamba kugula. Kuyambira 2018 a Canon ndi a Nikon adatembenukira kwambiri ku makamera opanda kalilole, ndipo Nikon D6 ndi Canon EOS-1D X Mark III, za 2020, ndizo zidakhala zotsiriza pa makamera awo aakulu a kalilole. Kwa sukulu ya kumudzi imeneyi si nkhani yoipa ayi. Anthu ambiri agulitsa makamera awo akale kuti agule atsopano, choncho ogwiritsidwapo kale ntchito achuluka ndipo atsika mtengo.

Tsono tifike pa kusankha. Funso loyamba si lakuti, "Kodi yabwino ndi Canon kapena Nikon?" Anthu amakangana za zimenezi monga amakanganira za matimu a mpira, koma zonse ziwiri n'zabwino, ndi Pentax yomwe. Funso loyamba n'lakuti, "Tifuna kujambula chiyani?" Ngati mufuna chithunzi cha ana ataima pamzere panja, dzuwa likuwala, foni ya aphunzitsi ikwanira, ndipo ndalamazo kuli bwino mugulire mabuku. Kamera ya kalilole imaposa foni pa chinthu chakutali, pa chinthu chothamanga, ndi pa malo a mdima: nkhwazi itakhala pamtengo kutsidya kwa mtsinje wa Lunsemfwa, mnyamata akudumpha pa tsiku la masewera, kapena gule wa madzulo pa miyambo ya Asoli. Ilinso ndi ubwino wina umene inu a sukulu zopanda magetsi muuyamikire. Poyang'anira pa kazenera ka kalilole sipalowa moto wambiri, choncho batire limakhalitsa. Opanga Nikon D3500 adailembera zithunzi 1,550 pa batire limodzi lodzaza.

Mukadziwa ntchito, sankhani lenzi musanasankhe thupi la kamera. Apa ndi pamene ogula ambiri amaphonya, pakuti maso awo amathamangira ku thupi lokhala ndi mabatani ambiri. Komatu thupi limangolandira chimene diso lalipatsa.

Pa lenzi iliyonse pali manambala a mitundu iwiri. Oyamba ali m'mamilimita. Nambala yaing'ono, monga 18, imaona malo otakasuka: kalasi yonse, kapena mapiri a Manenekela ndi msewu ukukhota pakati pake. Nambala yaikulu, monga 200 kapena 300, imaona kamalo kochepa koma kukakokera pafupi. Yesani kupinda pepala ngati mpope ndi kuyang'aniramo: mpope waufupi muona zambiri, wautali muona zochepa. Makamera ambiri otsika mtengo amabwera ndi lenzi yolembedwa 18-55, ndiye kuti mukaipotoza imayenda kuchokera pa 18 kufika pa 55. Musainyoze. Ntchito zambiri za pasukulu imazitha. Koma ya mbalame, kapena ya njovu ngati mwapita kukaona nkhalango ya Lower Zambezi kummwera kwa boma lanu, ifunika yofika pa 200 kapena 300. Nyama yakuthengo siiyandikiridwa kuti chithunzi chikome. Lenzi ndiyo iyandikire, inu mukhale patali.

Manambala achiwiri amayamba ndi lemba la f, ndipo amanena za kukula kwa bowo lolowetsa kuwala. Ana inu, khalani awiriawiri. Wina atseke maso ndi manja kwa kanthawi, kenaka atsegule atayang'ana ku zenera, mnzake ayang'anitsitse kamwana ka m'diso. Muona kuti kanali kakakulu, ndipo kakuchepa msanga. Lenzi ili ndi bowo lotero, lokula ndi kuchepa. Chosokoneza n'chakuti manambala ake amayenda chobwerera: f/1.8 ndi bowo lalikulu, f/16 ndi laling'ono. Lenzi ya 18-55 ija ikafika pa 55, bowo lake silikula kupitirira f/5.6. Koma ilipo lenzi ina yaing'ono, yosapotozeka, yolembedwa 50 ndi f/1.8, imene imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. M'kalasi ya mazenera aang'ono, kapena m'tchalitchi, imeneyi ndiyo mfumu, ndipo ili m'gulu la malenzi otsika mtengo koposa. Ife tikadakhala ndi ndalama za lenzi imodzi yokha yowonjezera, tikadagula imeneyi.

Chenjerani ndi pakamwa pa kamera, pamene lenzi imalumikizidwa. Kampani iliyonse ili ndi pakamwa pakepake, ndipo lenzi ya Canon siilowa pa Nikon, monganso mpini wa nkhwangwa sulowa pa khasu. Ngakhale m'banja limodzi muli malamulo. Pakamwa pa Nikon, potchedwa F, padayamba mu 1959, choncho malenzi akale ambiri amalowa. Koma makamera aang'ono monga D40, D3100 ndi D5100 alibe kainjini kozunguza lenzi m'thupi mwawo. Pa amenewa funani lenzi yolembedwa AF-S, imene ili ndi kainjini kakekake. Mukaikapo yakale yolembedwa AF yokha, idzajambula ndithu, koma mudzayenera kuizunguza ndi dzanja kuti chithunzi chioneke bwino. Pakamwa pa Canon, potchedwa EF, padayamba mu 1987. Malenzi a EF ali ndi kadontho kofiira ndipo amalowa pa makamera onse a kalilole a EOS. Malenzi a EF-S ali ndi kachizindikiro koyera ka ngodya zinayi, ndipo adapangidwira makamera a sensa yaing'ono okha. Malenzi atsopano olembedwa RF, kapena Z kwa a Nikon, ndi a makamera opanda kalilole, ndipo pa yanuyo salowa konse.

Wogulitsa adzakuuzani za mamegapikiseli, ndiwo mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi. Musatengeke nazo. Kamera ya mamegapikiseli 10 ikwanira kusindikiza chithunzi chabwino chodzaza pepala la A4.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, ku Lusaka kapena kwina, aphunzitsi musapereke ndalama musanaiyese. Tengani khadi lanulanu losungira zithunzi, mujambule chapafupi ndi chakutali, panja ndi m'nyumba. Chotsani lenzi, muipenyetse ku kuwala ndi kusuzumiramo mbali zonse ziwiri: tifumbi tochepa tilibe kanthu, koma mukaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, isiyeni. Funsaninso kuti katseko katseguka kangati chiyambire. Kamera imawerenga yokha, ndipo makamera aang'ono ambiri adayesedwa kufika pa 100,000. Imene yafika pa 15,000 ikadali mwana. Imene yapitirira 90,000 ndi nkhalamba, mtengo wake utsike. Ndipo musachoke popanda chaja ndi zivindikiro za lenzi.

Tsopano tikambe za matenda. Sing'anga wabwino sayamba ndi mpeni. Amayamba wafunsa ngati wodwala wadya. Inunso yambani ndi zinthu zazing'ono zosalira ndalama.

Kamera ikakana kuyaka, onani batire: kodi ladzaza, kodi lalowa molunjika? Onaninso titseko ta batire ndi ta khadi, pakuti makamera ambiri sayaka ngati kamodzi sikanatsekeke bwino. Ikangouma osamva batani lililonse, izimitseni, chotsani batire, werengani kufika pa 30, bwezeranimo. Batire losiyidwa lopanda moto miyezi yambiri limafooka, choncho potseka sukulu lisiyeni ndi moto wapakatikati, kunja kwa kamera. Limene latupa musaligwiritsenso ntchito, ndipo musaliponye pamoto.

Ikayaka koma n'kukana kusunga chithunzi, tulutsani khadi. M'mbali mwake muli kanthu kakang'ono kotsetsereka, pafupi ndi mawu akuti Lock. Kakatsikira pansi, khadi latsekedwa, kakankhireni kumwamba. Kanthu kameneka, kochepa ngati njere ya mpunga, kagonetsa makamera ambiri m'makabati. Pa Canon, mawu akuti Err 02 anena za khadi losawerengeka, ndipo Err 04 anena kuti ladzaza. Mukasamutsira zithunzi pa kompyuta, khadilo lifufutireni m'kamera momwemo posankha mawu akuti Format, koma mutatsimikiza kuti zithunzi zasamukadi, pakuti zimapita zonse. Musatulutse khadi pamene kanyali kofiira kapena kobiriwira kakuphethira. Nthawi imeneyo kamera ikulemba.

Canon ikalemba Err 01, ndiye kuti thupi ndi lenzi sizikumvana. Zimitsani, chotsani lenzi, pukutani timadontho ta golide ta kumbuyo kwake ndi kansalu koyera kouma, bwezerani ndi kupotoza kufikira mumve kuti the! Nikon ikalemba FEE, lenzi yanu ndi ya mtundu wakale wokhala ndi mkombero wa manambala a f. Zunguzani mkomberowo kufika pa nambala yaikulu koposa, monga 22, ndi kuukhoma pamenepo.

Dandaulo lalikulu koposa ndi la zithunzi zosaoneka bwino, ndipo apa pafunika kufufuza ngati wapolisi, chifukwa zoyambitsa zake n'zosiyana. Choyamba yang'anani pa lenzi, pali kabatani kolembedwa AF ndi MF, kapena A ndi M. Chala chimakakankha mosadziwa. Kakakhala pa MF kapena M, kamera yaleka kudzifunira yokha chinthu chojambulidwa, kabwezereni. Chachiwiri, kodi pa kazenera mukuona mwachimbuuzi koma zithunzi zikutuluka bwino? Pambali pa kazenerako pali kagudumu kakang'ono kolinganiza ndi maso a munthu, ndipo mnzanu wa maso ena adakazunguza. Kazunguzeni kufikira manambala a m'kazenera aoneke akuthwa. Kamera siidwala konse.

Chachitatu, yang'anitsitsani chithunzicho. Ngati nkhope ya mwana ili mbuu koma mtengo wa kumbuyo kwake ukuoneka tsamba lililonse, kamera idasankha mtengo. Ikani kadontho ka pakati pa kazenera pa diso la mwanayo, dinani batani theka lokha kufikira chithunzi chikhazikike, kenaka tsirizani kudina. Ngati zonse zili bwino koma wothamanga yekha ndiye wafufutika, katseko kadakhala kotseguka nthawi yaitali. Pa masewera ikani 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi. Koma ngati chithunzi chonse chapakika, mwana ndi mtengo womwe, dzanja lanu ndilo lidagwedezeka. Lenzi yaitali imakuza kugwedezeka monga imakuzira mbalame. Gwirani nsungwi yaitali kutsinde muone mmene nsonga yake imavinira. Lamulo lakale n'lakuti nambala ya m'munsi ya katseko isachepere mamilimita a lenzi: pa 300, ikani 1/500. Kuwala kukachepa, kwezani nambala yotchedwa ISO kufika pa 800 kapena 1600. Chithunzi chidzakhala ndi timchenga pang'ono, koma timchenga tiposa chimbuuzi. Gwirizani zigongono kunthiti, dzanja lamanzere likhale pansi pa lenzi, ndipo tsamirani mtengo kapena khoma.

Adani enieni a kamera ku Rufunsa si mabatani ayi, koma nyengo. M'miyezi ya August ndi September mphepo imanyamula fumbi ndi phulusa la lupsa, ndipo nthawi iliyonse mukachotsa lenzi, khomo la kamera lili pululu. Sinthirani lenzi m'nyumba, kamera itazima, pakamwa pake pataloza pansi. Mukaona timadontho takuda pa mtambo, pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, yesani motere: ikani bowo pa f/16 kapena f/22, jambulani thambo loyera, sinthani lenzi, jambulaninso. Timadontho tikakhala pomwepo, fumbi lili pa sensa. Makamera ambiri ali ndi njira yogwedeza sensa yokha, iyeseni poyamba. Ikalephera, pali kampira kopopera mphepo kogulitsidwa m'masitolo a makamera. Batire likhale lodzaza, sankhani mawu okweza kalilole, lozetsani kamera pansi, popani kangapo, nsonga ya kampira isakhudze kanthu. Musauzire ndi pakamwa, pakuti mpweya wa munthu uli ndi malovu. Musalowetsemo chala, thonje, kapena nsonga ya chitenje. Fumbi limene muona pa kazenera koma losaoneka pa zithunzi lili pa kalilole kapena pa galasi la pamwamba pake. Lilekeni, pakuti kalilole ameneyu adapakidwa kunja ndipo sachedwa kukalika.

Dzuwa la October nalonso n'loopsa. Kamera isasiyidwe m'galimoto yotseka kapena pa zenera. Ndipo mvetsetsani ichi, ana inu: musayang'ane dzuwa pa kazenera ka kamera, ngakhale kamphindi. Lenzi imasonkhanitsa kuwala monga galasi loyatsira udzu, ndipo diso lotenthedwa motero silichira. Akulu anu akumbukira kadamsana wa pa 21 June 2001, pamene Lusaka idada masana. Ojambula a tsiku lija ankaphimba malenzi awo ndi zotchinga zapadera pamene dzuwa linali lisanabisike lonse.

Mvula ikayamba mu November, mdani amasintha. Chuku chimakonda chinyezi, mdima ndi mpweya wosayenda, ndipo chikwama chotsekeredwa m'kabati miyezi itatu ndiyo nyumba yake yeniyeni. Chikamera m'kati mwa lenzi chimadya utoto wa pagalasi, ndipo chilonda chake sichipola. Pezani chidebe cha pulasitiki chotseka zolimba, muikemo kamera ndi timapaketi ta mikanda yoyamwa chinyezi, tonga tija mumatipeza m'bokosi la nsapato zatsopano. Mikandayo ikakhuta madzi iyenera kuumitsidwa pa kutentha pang'ono kapena kusinthidwa, ndipo ana aang'ono asaidye. Koposa zonse, itulutseni kamerayo sabata iliyonse ikagwire ntchito. Mukapita nayo ku Chinyunyu, imani patali ndi nthunzi. Galasi likachita nkhungu musalipukute kapena kuchotsa lenzi, dikirani liume lokha pamthunzi. Ikagwa m'madzi, musaiyatse kuti muone ngati ili moyo. Chotsani batire ndi khadi nthawi yomweyo, ipukuteni kunja, ipite kwa mmisiri.

Alipo matenda amene si a pasukulu: lenzi imene yagwa n'kuuma osazungulira, kalilole wokakamira m'mwamba ngakhale batire lili lodzaza, mzere wakuda wodutsa pa chithunzi chilichonse. Apa musamasule zomangira. M'kati mwa kamera muli kachipangizo kosunga moto wa nyali yake yothwanima, pafupifupi mavoti 300, ndipo kamaluma ngakhale batire litachotsedwa. Ulendo wa ku Lusaka ndi wautali ndipo umadya ndalama, choncho ukonzekereni. Lembani papepala mawu enieni amene kamera ikuonetsa, lenzi imene inalipo, ndi zimene mwayesa kale. Ngati muli ndi lenzi yachiwiri, iyeseni musananyamuke: vuto likatha, yodwala ndi lenzi, likakhalapobe, lodwala ndi thupi. Tengani zonse ziwiri pamodzi ndi batire ndi chaja, ndipo mmisiri anene mtengo asanayambe ntchito, pakuti nthawi zina kukonza thupi lakale kumadya ndalama zofanana ndi kugula lina.

Mawu amodzi a mwambo tisanatseke. Munthu sajambulidwa ngati mtengo. Pemphani poyamba, makamaka kwa akulu, kubwalo la mfumu, ndi kwa makolo a ana aang'ono. Pa malo olondedwa monga mlatho wa Luangwa, funsani alonda musanatulutse kamera.

Aphunzitsi, ntchito ya sabata ino nayi. Gulu lililonse la ana asanu lipange katoni ya kabowo ndi kujambula m'kope chimene laona. Kenaka likuze bowolo ndi msomali, liyang'anenso, ndipo lilembe zinthu ziwiri zimene zasintha pa chithunzi cha mtengo uja.